Chidodo cha Mervis

Kumtunda kwa Domasi Mishoni, kumene msewu wa galimoto umathera n'kutsala kanjira ka miyala koloza kuphiri, ndiko kunabadwira Mervis Chikopa. Anthu a kumeneko akafuna madzi a mumtsinje amatsika, akafuna chigayo amatsika, akafuna mchere amatsikanso. Kubwerera kwake n'kukwera. Mwana wokulira kumeneko amakhala ndi miyendo yolimba asanayambe n'komwe sukulu, koma Mervis sizinatero.

Akapita kotunga madzi ndi anzake, potsika ankakhala nawo limodzi, akuseka ndi kulandana nkhata. Pobwerera ankatsalira. Ankafika pakati pa chitunda n'kuima, ndowa ili pamutu, kukamwa kuli yasa, madzi akumudonthera m'khosi. Anzake ankafika kwawo, kutula, kuyamba masewera, iye asanatulukire. Dzina loti Nachidodo linabwera choncho, ndipo linamukakamira mpaka aphunzitsi ena ankamuitana nalo m'kalasi.

Amayi ake ankati ndi ulesi. Anayesa kumukalipira, anayesa kumumana ndiwo. Tsiku lina anapita naye kuchipatala, kumene anamuyeza malungo ndi magazi n'kunena kuti sanapeze chilichonse, azingodya masamba ambiri.

“Wamva wekha,” anatero amayi ake ali m'njira. “Akuti ulibe kanthu. Mawa ulawirire kumunda.”

Mervis nayenso anakhulupirira zimenezo. Ankaganiza kuti aliyense akamakwera chitunda chifuwa chimamuthina, m'maso mumachita mdima, m'khutu mumalira, kungoti anzakewo amadziwa kupirira. Sanafunsepo munthu. Anangodziwa kuti iye ndi mwana wosapirira, n'kukula nazo.

Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Anawapeza m'munda atagona pamzere, khasu lili pambali, ndipo anthu anati ndi kuthamanga kwa magazi. Pakhomo panatsala amayi, Mervis, ndi mchimwene wake wamkulu, Eliya. Eliya ndiye anali wosiyana naye m'zonse. Ankatha kuthamanga kukagula mabatire a wailesi ku Songani n'kubwerako phala lisanazizire. Akakumana ndi mlongo wake ataima pachitunda, ankamulanda ndowa, kuinyamula ndi dzanja limodzi, n'kumusiya akubwera wopanda kanthu.

Eliya anamwalira asanakwanitse zaka makumi awiri. Linali Loweruka la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo timu ya m'mudzi mwawo inkasewera ndi anyamata a kutsidya la mtsinje. Mervis anali m'mphepete mwa bwalo, akugulitsa nzimbe za amayi ake. Mpira unali mbali ina. Palibe amene anamugunda Eliya. Anangoima, n'kugwira mawondo ngati wofuna kumanga nsapato, kenako anagwa chafufumimba. Anzake anamuthira madzi, ena anavula malaya n'kumamukupiza. Bwalo lonse linathamangira pamenepo. Mervis anayesa kuthamanga nawo, koma asanafike pakati pa bwalo anayamba kuyenda, ndipo atafika anapeza anthu atazungulira kale, akungoona misana yawo. Pamene ankamunyamula kupita naye kuchipatala n'kuti atatsirizika.

Zinamveka kuti anyamata a kutsidya anakwirira mankhwala pagolo. Amayi ake anagwira mawu amenewo osawatayanso. Kuyambira pamenepo sanapatsenso moni munthu wa mudzi umenewo, ndipo pamsika ankadutsa tomato wawo ngakhale akhale wabwino bwanji. Mervis pamalirowo sanalire mokweza ngati ena. Anakhala pakona atatsamira khoma, ndipo amayi ena ananong'onezana kuti mwanayu ndi wachidodo ngakhale polira.

Sukulu analekeza sitandade 8. Patapita zaka anakwatiwa ndi Enock, mmisiri womanga nyumba amene anabwera kudzagwira ntchito pa nyumba za aphunzitsi kumunsi. Enock analowa chikamwini, namanga nyumba ya njerwa zootcha pafupi ndi ya apongozi ake. Poyamba ankamukonda mkazi wake chifukwa cha kufatsa. Mimba itabwera, Mervis anavutika nayo kwambiri. Miyezi yomaliza ankagona chokhala, atatsamira thumba la chimanga, chifukwa akagona chagada mpweya unkamuthera. Anabereka mwana wamkazi, Alesi, ndipo sanakhalenso ndi pakati pena.

Enock anatsegula dimba m'mbali mwa mtsinje wa Domasi. Iye ankalima, mkazi wake n'kumathirira. Koma Mervis akanyamula kheni kuchoka nayo mumtsinje kufika pabedi la mpiru, ankayenera kukhala kaye pansi. Mbewu za mbali imodzi zinkafota akadali kuthirira mbali ina.

“Kodi ndinakwatira agogo ine?” anafunsa Enock tsiku lina, atatsamira khasu. “Akazi a anzanga amatsiriza dimba lonse n'kukaphika. Iwe wadwala chiyani?”

“Sindikudwala.”

“Nanga n'chiyani?”

“Ndimangotopa.”

Enock sanali munthu womenya mkazi. Anangosiya kufunsa, kenako anasiya kulankhula zambiri. Chaka chimene Alesi anayamba sukulu, Enock anapita ku Joni. Poyamba ankaimba foni, kenako inayamba kulira patalipatali, kenako anthu obwera kumeneko ananena kuti ali ndi mkazi wina. Mervis atamva anangoti, “Oo.” Madzulo ake anakokera mphasa pakati pa chipinda n'kugona ndi mwana wake.

Chimene chinamudyetsa ndi manja ake. Pa zaka zonse zimene ankakhala pansi anzake akusewera fulaye, anaphunzira kuluka tsitsi, ndipo ankaluka bwino, mizere yowongoka, yosakoka khungu. Mwini golosale wina pafupi ndi msewu wa ku Liwonde anamulola kukhala pakhonde lake. Atsikana a kukoleji, aphunzitsi ndi anamwino anayamba kubwera ndi mameshi awo. Ntchito yake inali yokhala pansi, ndipo pamenepo panalibe womuposa. Vuto linali madzulo pobwerera kumudzi. Anali ndi miyala yake yodziwika m'njiramo, yopumirapo, ndipo ana a m'mudzi akamupeza pamwala ankangopereka moni n'kudutsa, poti anazolowera.

Alesi anakula wamtali, wa miyendo italiitali, wosakhazikika. Agogo ake akamuona akudumpha mpanda m'malo modzera pachipata ankati, “Uyu ndi Eliya wabwerera.” Kusukulu ankasewera netibo, pakati penipeni pa bwalo pamene pamafunika wothamanga. Atamaliza folomu 4 anati akufuna usilikali. M'mawa uliwonse ankavala nsapato zake za pakaunjika, kutsika mpaka kumsewu, kuthamanga kuloza ku Malosa, n'kubwerera chokwera osaima. Ankafika thukuta lili kamukamu, akuseka, n'kutenga ndowa kukatungira amayi ake madzi.

Mervis anali atapitirira zaka makumi anayi pamene zinadziwika. Tsikulo ankaluka tsitsi la Victoria, namwino wa pachipatala chaching'ono cha m'deramo, amene anali kasitomala wake wakale. Kunabwera kamvuluvulu n'kuulutsa pepala la meshi kuwolotsa msewu. Mervis anadzuka msangamsanga, anawoloka chothamanga pang'ono, anatola, n'kubwerera. Atangofika pakhonde anamva pansi pakupendekeka. Anadzidzimuka atagona pa simenti, Victoria atamugwira dzanja, mutu wa namwinoyo uli theka loluka theka losaluka.

“Amake Alesi, mukundimva? Zimenezi zimakuchitikirani kawirikawiri?”

“Kugwa ayi. Kawiri kapena katatu basi. Chizungulire ndiye cha masiku onse.”

“Chiyambire liti?”

“Chibadwire.”

“Ndiye munauzapo ndani?”

Mervis anaganiza kaye. “Ndikanauza ndani? Aliyense amadziwa kuti ndine wachidodo.”

M'mawa mwake Victoria anamuitanira kuchipatala. Anamuika chomvetsera pachifuwa nthawi yaitali. Anamuuza kuti anyonyomale, kenako aimirire msanga, iye akumvetserabe. Anabwereza kawiri.

“Muli kaphokoso,” anatero. “Ngati madzi akudutsa m'paipi yopsinjidwa. Mukaimirira kakukula. Ine sindinganene kuti n'chiyani, koma si ulesi umalira chonchi. Mupite ku Zomba.”

Ku Zomba anamumata mawaya pachifuwa, makina n'kutulutsa pepala la mizere yokhotakhota. Amene anawerenga pepalalo anaitana mnzake, n'kuwerenga awiri. Anamutumiza ku Blantyre, kumene kunali madokotala a mtima.

Ku Blantyre anamugoneka chammbali m'chipinda chamdima pang'ono, namupaka mafuta ozizira pachifuwa. Adokotala anali mayi wachichepere, wolankhula pang'onopang'ono. Anatembenuza kanema wa makinawo kuti Mervis aone. Munali zotuwa zokhazokha, zikutseguka ndi kutseka.

“Uwu ndi mtima wanu, amayi. Apa pali khoma logawa zipinda ziwiri. Lanu lakhuthala mopitirira muyeso. Mtima wanu si wofooka ayi, mnofu wake ndi umene wachuluka. Ndiye malo olowa magazi achepa, ndipo njira yotulukira yapanikizika. Mukakhala pansi ukukwanitsa bwinobwino. Mukayamba kukwera kapena kunyamula katundu, thupi limapempha magazi ambiri, mtima sungathe kupereka onsewo.”

“Ndinautenga kuti?”

“Simunautenge kwina. Umayenda m'magazi a pamtundu. Chiyambi chake munabadwa nacho.”

Kenako anati akufuna aone pamene mphamvu zake zimalekezera. Namwino anamutengera pakhonde lalitali la chipatalacho, anamupana kachipangizo pachala, n'kumuuza kuti aziyenda kupita uko ndi kubwerera, mofulumira mmene angathere, mpaka amuuze kuti basi.

“Mukafuna kuima, imani. Si mpikisano.”

Mervis anayenda. Anadutsa anthu okhala pamabenchi, anatembenuka, anawadutsanso. Ulendo wina chifuwa chinayamba kuthina monga mwa masiku onse, ndipo anapitirizabe poopa kuti namwinoyo amuona ngati waulesi. Miyendo italemera anatsamira khoma. Anadikira kuti amve mawu omufulumizitsa. Namwinoyo anangoyang'ana kachipangizo kaja, analemba, n'kumubweretsera mpando.

Atabwerera m'chipinda adokotala anafunsa, “Pamtundu panu alipo amene anamwalira mwadzidzidzi akadali wamng'ono? Osadwala, kungogwa?”

“Achimwene anga. Pampira.”

“Anagundidwa?”

“Ayi. Mpira unali kwina.”

“Ena?”

“Abambo anga anawapeza m'munda.”

Adokotala anaika cholembera pansi. “Sindinganene motsimikiza, poti sitinawayeze. Koma n'kutheka kwambiri kuti ndi vuto lomweli. Ena limawapatsa phuma moyo wawo wonse ngati inuyo. Ena samva kalikonse, amathamanga kuposa anzawo, mpaka tsiku limene mtima wasokonekera kagundidwe. Muli ndi ana?”

“Mmodzi.”

“Abwere timuyeze. Mwana aliyense akhoza kutengera kapena ayi, zili ngati kuponya ndalama m'mwamba.”

Anamupatsa mapiritsi ochepetsa liwiro la mtima kuti uzipeza mpata wodzaza. Anamuuza kuti azimwa madzi ambiri, asamanyamule zolemera pokwera, asamayende dzuwa lili paliwombo kapena atangokhuta kumene. Koma anati asasiye kuyenda. Aziyenda tsiku ndi tsiku pamalo athyathyathya, paliwiro loti akhoza kumacheza ndi mnzake osabanika. Anati vutoli silitha, koma ambiri amakalamba nalo.

Mu minibasi pobwerera, Mervis anakhala kuwindo. Ankayembekezera kuti amva kanthu. Anayesa kukumbukira aphunzitsi aja, anayesa kukumbukira Enock atatsamira khasu, kuti mwina mtima umuwawa kapena akondwera kuti mlandu wamuchoka. Sipanabwere chilichonse. Anaona Namadzi akudutsa, anaona Zomba, anatsika pa siteji yake, n'kuyamba kukwera. Anapuma pa miyala yomweyo.

Anapeza amayi ake pakhonde akusola nandolo. Anakhala pambali pawo n'kuwafotokozera zonse, za khoma lokhuthala, za Eliya, za bambo. Amayiwo sanasiye kusola.

“Ndiye akuti Eliya sanamulodze?”

“Akuti mwina ndi mtima.”

“Mwina.” Anataya makoko m'lichero lina. “Iwowo analipo pabwalo paja?”

“Ayi.”

“Basi. Ngati ndi za pamtundu, ndi mtundu wa bambo ako umenewo. Kwathu kulibe zimenezo.” Kenako anawonjeza osamuyang'ana, “Ndiye usamapitenso kumadzi. Azipita Alesi.”

Za kumumana ndiwo zija sanazitchule, ndipo Mervis sanazikumbutse.

Alesi anakana kupita kokayezetsa. Nthawi imeneyo n'kuti zitamveka kuti posachedwa kukhala kulemba asilikali atsopano ku Zomba, ndipo iye ankathamanga m'mawa ndi madzulo omwe.

“Amayi, ine ndimafika ku Malosa n'kubwerera osaima. Munthu wodwala mtima angatero?”

“Amalume ako ankatero.”

“Amalume sindinawaone ine. Musandiikire matenda anu.”

Mervis sanakakamize. Victoria ndiye anamutsata Alesi mpaka kubwalo la netibo n'kulankhula naye nthawi yaitali kuseri kwa golo. Mlungu wotsatira mayi ndi mwana anakwera minibasi ya ku Blantyre.

Kuchipatalako Alesi sanamuyendetse pakhonde ngati amayi ake. Anamumata mawaya n'kumukweza pa makina a lamba woyenda, amene ankawonjezera liwiro ndi kupendekeka pang'onopang'ono ngati chitunda. Mervis anakhala pampando pafupi ndi chitseko akuonerera. Mwana wake anathamanga mosavuta, mutu uli chilili, mpaka mnyamata woyendetsa makinawo anamwetulira n'kunena kuti anthu ambiri amakhala atapempha kale kutsika. Chakumapeto adokotala anasendera pafupi ndi kanema, anayang'anitsitsa mizere, n'kunena kuti aimitse.

“Sindinatope,” anatero Alesi.

“Ndaona. Tsikani, mwachita bwino.”

Atamuunika pachifuwa, adokotala anawakhazika onse awiri. Anati khoma la Alesi nalonso ndi lokhuthala, ngakhale silinafike pa la amayi ake. Anati mphamvu zake n'zambiri, kuposa za anthu ambiri opanda vuto lililonse. Koma pamene anathamanga kwambiri, mtima unadumpha kagundidwe kangapo motsatizana, ndipo poti amalume ake anapita mmene anapitiramo, zimenezo sangazinyalanyaze.

“Musasiye masewera. Kuthamanga pang'onopang'ono, netibo yocheza ndi anzanu, zonsezo n'zabwino, bola muzimwa madzi ndipo mukamva chizungulire muziima. Chimene ndikukuletsani ndi kudzikakamiza mpaka pothera mphamvu, padzuwa, mutasenza katundu, pamalo poti simungaime mukafuna.”

“Usilikali ndi umenewo,” anatero Alesi.

“Ndikudziwa. Sindingakumangeni chingwe. Ndikungokuuzani zimene ndaona.”

Tsiku lolemba asilikali litayandikira, Alesi anauza amayi ake kuti apitabe. Ananena ataimirira pakhomo, ngati wokonzekera mkangano. Mervis anangomuuza kuti akhale pansi amuluke, tsitsi lisakamusokoneze. Anamuluka mizere yogona, yaifupi. M'mawa mwake anamuphikira tiyi ndi mbatata, anamudzazira botolo la madzi, n'kumuona akutsika njira. Kenako nayenso anatsika kupita kukhonde lake.

Tsiku limenelo analuka anthu atatu. Mmodzi anali mtsikana wa kukoleji amene ankafotokoza za chibwenzi chake kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo Mervis ankayankha “eya” ndi “zoona” pamalo pake. Foni inali m'thumba la chitenje. Sanaitulutse. Galimoto ya odwala itadutsa kuchokera ku Zomba, manja ake anapitiriza kuluka.

Alesi anatsika minibasi dzuwa litapendeka. Anabwera kukhonde, nsapato zili m'manja, n'kukhala pa simenti. Anadikira kasitomala achoke.

“Atatithamangitsa ndinali m'gulu lakutsogolo,” anatero. “Atsikana anali ambirimbiri, koma akutsogolo tinali ochepa. Titafika pokhota, pamene msewu umayamba kukwera, ndinayamba kumvetsera.”

“Kumvetsera chiyani?”

“Muno.” Anagwira pachifuwa. “Sipanapweteke, amayi. Chizungulire panalibe. Ndinangoyamba kumvetsera kuti kodi wadumpha, kodi sunadumphe. Kenako ndinangoona ndaima. Ndinakhala m'mbali mwa ngalande, onse aja n'kundidutsa, ngakhale onenepa amene ndinawasiya kutali. Msilikali wina anandifunsa ngati ndavulala. Ndinati ayi. Anati ndiye dzuka. Sindinadzuke.”

Mervis anali akutola tizidutswa ta meshi pansi, akuika m'jumbo.

“Bola mukanangokhala chete,” anatero Alesi. “Mukanapita nokha ku Blantyre kwanuko n'kungomwa mankhwala anu. Bwenzi pano nditalowa.”

“Mwina.”

“Mwina chiyani? Yankhani bwinobwino!”

Mervis anatola kachidutswa kotsiriza. Anamanga jumbo n'kunena kuti tiyeni tizipita kusanade. Anakwera limodzi, ndipo Mervis akakhala pamwala, Alesi ankaima chapatali atafulatira, kudikira.

Miyezi yotsatira Alesi ankadzuka mochedwa. Ku netibo anasiya. Mapiritsi amene anamupatsa ankamwa masiku ena, masiku ena ayi. Mvula itayamba, mnzake wa kusukulu anamupezera ntchito m'sitolo ya mbewu ndi feteleza ku Liwonde, ndipo anapita. Ankaimba foni Lamlungu, kufunsa za agogo, kufunsa ngati chimanga chamera, n'kudula.

Mervis mapiritsi anamuthandiza pang'ono. Kugwa kunasiya, ndipo pamalo athyathyathya ankatha kuyenda ulendo wabwino ndithu. Chitunda chokha chinakhalabe chitunda. Alesi atachoka panalibenso womutungira madzi, choncho anapeza kachipinda kumunsi, kuseri kwa golosale, pafupi ndi mpopi. Amayi ake anakana kutsika naye. Anati sangasiye manda a mwana wawo, ndipo anatenga mdzukulu wa mchemwali wawo kuti azikhala naye. Mervis ankakwera kukawaona Lamlungu akaweruka kutchalitchi, dzuwa litazizira.

M'mawa uliwonse, asanayambe kuluka, ankayenda m'mbali mwa msewu kuloza ku Songani n'kubwerera, monga anamuuzira adokotala. Anthu ankamufunsa kuti akupita kuti wopanda dengu, iye n'kumati akungoyenda. Mbiri ya matenda ake itafala, amayi a Mvano anasiya kumutuma kotunga madzi pamaliro. Ankamupatsa mpando ndi mpeni kuti azidula kabichi. Ena amene kale ankamunena anayamba kumufunsa mwaulemu kuti mtima uli bwanji lero. Iye ankati uli bwino. Sanaone kusiyana kwenikweni, poti pamaliro ankakhala pansi kuyambira kale, kungoti tsopano mpando ankachita kumupatsa.

Patatha chaka ndi miyezi, Alesi anabwera pa Khirisimasi atanenepako pang'ono. Anagona m'kachipinda ka amayi ake. M'mawa anawaperekeza paulendo wawo wa m'mbali mwa msewu, ndipo ali m'njira anati kuli mnyamata, dzina lake Paul, wokonza mafoni pafupi ndi sitolo yawo, ndipo akufuna kutumiza akwawo.

“Akudziwa?” anafunsa Mervis.

“Ayi. Ndimuuze?”

“Iwe ukuona bwanji?”

“Ndikamuuza afunsa za ana. Ndidzati chiyani? Kuti mwina inde, mwina ayi?”

“Udzatero kumene. Ndi mmene zilili.”

“Akandisiya?”

Njinga ya kabaza inawaimbira belu, iwo n'kupatukira m'udzu. Itadutsa Mervis anati, “Umuuze. Asadzachite kudabwa.”

Alesi anamuuza atabwerera ku Liwonde. Paul anakhala mlungu wathunthu osamuimbira. Kenako anabwera kusitolo n'kufunsa ngati angapite naye ku Blantyre ulendo wotsatira, akamve yekha kwa adokotala. Anapita, anafunsa mafunso ake, ndipo pobwerera anati akwawo abwera mwezi wa Julayi monga anapangana. Alesi anafotokoza zonsezi pafoni ndi mawu omwe amafotokozera za mtengo wa feteleza, ndipo Mervis anati, “Chabwino. Ndiuza agogo ako.”

Chinkhoswe chinachitikira kumunsi, pabwalo la mwini golosale, kuti alendo a ku Liwonde asavutike ndi kukwera. Agogo anawatsitsa panjinga. Victoria anabwera ndi anamwino anzake atavala chitenje chofanana. Mervis analuka mkwatibwi dzulo lake, n'kulukanso atsikana onse operekeza, moti pa tsikulo zala zinali zitatupa.

Woulutsa mawu ataitana mayi a mtsikana kuti adzavine, Mervis anadzuka. Anavina nyimbo imodzi, mapazi osachoka pansi kwenikweni, anthu akululutira. Itatha anabwerera pampando wake n'kumwa madzi. Alesi ndiye sanakhale pansi. Anavina ndi akuchimuna, anavina ndi anzake a netibo amene anabwera gulu, anavula nsapato zazitali n'kuvina chopanda nsapato pafumbi, thukuta likutsika m'khosi. Paul anamubweretsera botolo la madzi pakati pa nyimbo, iye anamwa theka n'kumubwezera osasiya kuvina.

Mervis anamuyang'ana nthawi yaitali. Victoria anawerama n'kumufunsa ngati akufuna akamuuze mwanayo kuti apumeko.

“Musiyeni,” anatero Mervis.

Wina anamuikira mbale ya mpunga ndi nkhuku pamiyendo. Anadya pang'ono, poti anamuletsa kukhuta kwambiri, ndipo yotsalayo anaiphimba ndi mbale ina kuti adzadye madzulo.